Kamakura-bori: luso lenileni kapena njira yachidule yotengera za ku China?

Kadzidzi_wa_Usiku
Abale, pali nkhani ikundisowetsa mtendere. Ogulitsa zinthu za ku Japan pa intaneti akumangounjika pamodzi mbale, mathireyi ndi timabokosi tofiira tosemedwa maluwa, zonse ati ndi zosema zopaka urushi, utomoni wa mtengo umene amapakira ziwiya. Koma ukafunsa bwino, ena akuti Kamakura-bori si utomoni wosemedwa ayi, ndi thabwa chabe losemedwa kenako n'kupakidwa, ndipo anayamba kutero pofuna kunamizira katundu wodula wa ku China. Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani boma la Japan limailemekeza ngati luso la dera? Ndipo thabwalo akuti silimera ku Kamakura, mzinda wa ku Japan umene dzinali linachokera, utomoninso ndi wakunja. Ndiye cha ku Kamakura n'chiyani pamenepa? Odziwa tithandizeni.

Kasemasema
A Kadzidzi, mwafunsa mafunso atatu m'thumba limodzi. Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthuzo, chifukwa ogulitsawo akusokonezadi.

Njira ya ku China, imene a ku Japan amaitcha tsuishu ikakhala yofiira ndi tsuikoku ikakhala yakuda, ndi yopaka utomoni kambirimbiri mpaka utakhuthala, kenako mpeni umasema utomoni womwewo. Kupaka kamodzi kumangowonjezera pafupifupi mamilimita 0.03. Ndiye kuti mupeze mamilimita 3 oti mpeni ulowemo, mupaka ka 100, ndipo simungapake kachiwiri koyamba kasanaume. Zikayenda bwino ndi kamodzi pa tsiku. Miyezi imatha mpeni usanakhudze chinthucho.

Kamakura-bori imatembenuza ndondomekoyo. Mpeni umayamba, utomoni umabwera pambuyo. Anayambitsa ndi amisiri osema mafano a Buddha m'nthawi ya Kamakura, kuyambira 1185 kufika 1333, pamene chipembedzo cha Zen chinkalowa kuchokera ku China ya mafumu a Song pamodzi ndi ziwiya zake. Akachisi monga Kencho-ji wa 1253 ndi Engaku-ji wa 1282 ankafuna matebulo a paguwa ndi timabokosi ta zofukiza, ndipo amisiri amene analipo anali odziwa mtengo. Anagwiritsa ntchito chimene manja awo ankadziwa.

Chitsulo77
Ndiye mwavomereza nokha. Inali njira yachidule.

Kasemasema
Pachiyambi anatengeradi maonekedwe, zimenezo palibe akukana. Koma yang'anani chimene chinatulukapo. Utomoni wokhuthala umasemedwa mozama mamilimita ochepa basi ndipo m'mbali mwake mumakhala mosalala. Thabwa limalola mpeni kulowa mozama, duwa lalikulu la botan (peony) n'kutukuka ngati lamoyo, ndipo pamalo opanda maluwa mmisiri amasiya dala zipsera za mpeni. Zipsera zimenezo mu tsuishu simungazipeze.

Nankungwi_wa_Utomoni
Achimwene a Chitsulo77, mawu akuti chidule achotseni kaye mpaka muone ntchito yake yonse. Ndiyala mmene thireyi imodzi imapangidwira.

Thabwa lake kawirikawiri ndi la mtengo wa katsura, ndipo ambiri amachokera ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwa Japan. Amaukonda chifukwa ndi wofewa moti mpeni umayenda, ulusi wake ndi wothinana mofanana paliponse, mfundo ndi zochepa, ndipo supindika msanga. Ena amasemanso mtengo wa icho kapena ho. Matabwa amaumitsidwa pamthunzi miyezi yambiri. Wokonza thupi la chinthucho, amene ndi mmisiri payekha, amayamba walidula mokulirapo, n'kulisiyanso kuti lipume, kenako n'kulifikitsa pa muyezo. Mukathamanga pamenepa, thireyi imadzapindika utomoni utapakidwa kale, ndipo utomoniwo umang'ambika motsatira ulusi.

Chithunzi chimajambulidwa pa pepala lopyapyala ndi utoto wosungunuka m'madzi. Thabwa amalinyowetsa pang'ono, pepala n'kuliphimbapo chafufumimba n'kulisisita, mizere n'kutsalira pa thabwa.

Kusema kuli ndi magawo ake. Loyamba ndi tachikomi, kulowetsa nsonga ya mpeni wa kogatana motsatira mizere. Kupendekeka kwa mpeni pa gawo ili ndiko kumalamula ntchito yonse, chifukwa ndiko kumanena kuti tsamba ili likhala pamwamba pa linzake kapena pansi. Lachiwiri ndi kiwadori, kuchotsa thabwa kunja kwa mzere kuti duwa litukuke. Kenako amaumba mkati mwa duwalo ndi mipeni yafulati ndi yokhota ngati ngalande. Pomaliza amatema pamalo otsala ndi zipsera zija, zotchedwa tokon, chimodzi pambali pa chinzake ngati mamba a nsomba kapena timafunde ta pamadzi. Sandipepa sayenda pamenepo. Mpeni wobuntha umatswanya ulusi m'malo moudula, ndipo malo otswanyikawo amamwa utomoni wambiri n'kuda kuposa anzake. N'chifukwa chake mwala wonolera sumachoka pambali pa wosema.

Kupaka ndilongosola pambuyo, ena alankhuleko kaye.

Namasupuni
Mayi Nankungwi, musanapitirire, utomoni umenewu ndi wa mtengo wanji? Ambiri akuganiza kuti ndi vanishi wa m'chitini.

Mlimi_wa_Nkhalango
Si vanishi. Ndi utomoni wa mtengo wa urushi, wa banja limodzi ndi mango ndi mbibu. Mtengowo umadikiridwa zaka 10 mpaka 15. Kuyambira Juni mpaka Okutobala wokolola amatema khungwa timizere topingasa, n'kupala timadontho totuluka ndi kachitsulo kafulati kuthira m'kachidebe. Amabwerera pa mtengo womwewo pakatha masiku anayi kapena asanu, kutema mzere wina pamwamba pa woyamba. Wa pakati pa chilimwe chawo, kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti, ndiwo wabwino koposa chifukwa madzi amakhala ochepa. Nyengo yonseyo mtengo umodzi umapereka pafupifupi magalamu 200, kapu imodzi basi, kenako amaudula kuti chitsa chiphukenso. Njirayi amaitcha koroshigaki.

Ku Japan komweko dera lotchuka ndi Joboji, mumzinda wa Ninohe ku Iwate, ndipo ndilo limatulutsa gawo lalikulu la utomoni wa m'dzikomo. Komabe woposa 90 pa 100 wa umene amisiri amagwiritsa ntchito umachokera kunja, makamaka ku China. Pa mfundo iyi a Kadzidzi sananame.

Chitsulo77
Ndi zimene ndikunenazo. Thabwa la ku Hokkaido, utomoni wa ku China, chithunzi chotengera ku China. Dzina lokha ndilo la ku Kamakura.

Gogo_Thabwa
Mwana wanga, mfundo yanuyo ikanakhala yoona, bwenzi telala amene amasoka nsalu yoitanitsa kunja alibe luso lakelake. Lamulo la Japan la 1974 lokhudza ntchito zamanja zamakolo silinena kuti zipangizo zimere pakhomo. Limafuna kuti chinthucho chikhale chogwiritsidwa ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku, gawo lalikulu likhale la manja, njira yake ndi mtundu wa zipangizo zikhale zakale, pafupifupi zaka 100 kapena kuposerapo, ndipo pakhale gulu la amisiri m'dera limodzi, osati munthu mmodzi. Kamakura-bori inavomerezedwa pansi pa lamuloli mu 1979.

Ndipo mbiri ya mmene lusoli linapulumukira ndi ya mzinda umenewo weniweni. Mu 1868 boma la mfumu Meiji linalamula kuti zipembedzo za Shinto ndi Chibuda zilekanitsidwe, akachisi ambiri anaphwanyidwa kapena kusauka, ndipo osema mafano anatsala manja ali m'khosi. Ku Kamakura mabanja awiri anakakamira, la Goto ndi la Mitsuhashi. Anasiya kudalira maguwa n'kuyamba mathireyi, mbale za makeke ndi timipando ta makapu a tiyi. Mu 1889 njanji ya Yokosuka inafika, anthu olemera a ku Tokyo anayamba kumanga nyumba zopumulirako m'mbali mwa nyanja, msika n'kupezeka. Sitolo ya banja la Goto, Hakkodo, ilipobe pafupi ndi chipata cha kachisi wa Tsurugaoka Hachimangu. Popanda akachisi aja, njanji ija ndi mabanja aja, lusoli silikanakhalapo mwa mtundu umenewu.

Chitsulo77
Za lamulo ndamva, agogo. Koma lamulo limangopereka chidindo. Ndionetseni chinthu chimodzi pa mbaleyo chimene mmisiri wa kwina sangachite.

Nankungwi_wa_Utomoni
Chabwino, ndi apa ndimafuna kufika. Kupaka kwake kunapangidwa kuti kutumikire mpeni, ndipo ndi kumene kumasiyanitsa.

Choyamba ndi kijigatame. Utomoni wauwisi amaupaka pa thabwa losemedwa kuti ulowe m'kati, ulusi ulimbe, madzi asadzalowenso. Samalani kwambiri kumene ulusi wadulidwa mopingasa, chifukwa kumamwa ngati chinkhupule.

Chachiwiri ndi maziko. M'madera ena maziko amamatidwa ndi kathabwa kafulati, phala la dothi losakaniza ndi utomoni, mokhuthala. Mukatero pa Kamakura-bori mwakwirira zipsera zonse za mpeni, ntchito ya sabata zingapo yapita. Ndiye amachita makiji: kupaka utomoni wauwisi mopyapyala n'kuwaza ufa wa makala kapena wa dothi losalala la tonoko usanaume. Ufawo umakakamira mofanana pamwamba ndi m'maenje momwe, ndipo maonekedwe a kusema satayika. Ukauma amaukhutiza utomoni wina n'kupala pang'ono.

Chachitatu ndi nakanuri, utomoni wakuda, kawirikawiri kawiri, kupala pakati pake. Vuto lalikulu lili pano. Utomoni umatsetserekera m'makona ozama n'kudikha. Pamene wadikha, pamwamba pamauma pansi pakadali pofewa, ndiye pamachita makwinya ngati khungu la mkaka wowiritsa. Makwinya alibe mankhwala, kupatula kudikira aume, kupala mpaka pansi, n'kuyambiranso. Wopaka amayenera kudutsanso ndi burashi youma kukoka wotsala m'makona onse.

Chachinayi ndi uwanuri, utomoni woonekera mkati wosakaniza ndi ufa wofiira. Ufa ndi utomoni zimakhala pafupifupi muyezo wofanana pa sikelo, zimakandidwa nthawi yaitali, kenako zimasefedwa pofinyira m'pepala lopyapyala kuti pasatsale kachitsotso.

Chachisanu ndicho yankho lanu, a Chitsulo77. Wofiira uja asanaumitsitse, akadali womata pang'ono koma osadetsa chala, amawaza ufa wa makomo ndi kuupaka paliponse. Ukauma amapukuta mwamphamvu. Pamalo otukuka ufa umachoka, kufiira n'kuwala. M'maenje ndi m'zipsera za mpeni ufa umatsala, n'kukhala mthunzi wakuda. Njirayi imatchedwa hikuchi-nuri, inakhazikika ku Kamakura m'nthawi ya Meiji, ndipo ndiyo imachititsa kuti chipsera chilichonse cha mpeni chioneke. Pomaliza amasisita utomoni wauwisi ndi kansalu n'kuupukuta, kangapo, kuti ufa umangike ndi kuwala kutuluke.

Mukawaza msanga, ufa umamira, chinthu chonse n'kuda bii. Mukachedwa, sugwira, ndipo mbale imangokhala yofiira psuu popanda kuya. Nthawi yoyenera ndi yaifupi, ndipo imasintha ndi nyengo ya tsikulo.

Namasupuni
Makomo ndi chiyani? Dothi?

Mlimi_wa_Nkhalango
Ayi, ndi chomera cha m'madambo chonga bango, wachibale wa mpunga. Kachirombo ka mtundu wa bowa kamalowa m'tsinde lake n'kulitupitsa. Tsinde lanthete limadyedwa ngati ndiwo. Likakhwima m'kati mumadzaza ufa woderapo, wofanana ndi uja umapezeka pa chimanga chodwala chimene chimatupa n'kuphulika fumbi lakuda. Ufa umenewo ndiwo amasefa n'kugwiritsa ntchito.

Tsekaliwo
Ine funso langa ndi lina. Mukuti "kuuma", ndiye kwathu kuno mu Okutobala si bwenzi ukuuma pa mphindi khumi?

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Zimachitika mosemphana, achimwene. Urushi suuma chifukwa madzi auluka ayi. Muli mafuta otchedwa urushiol ndi chofulumizitsa chachilengedwe chotchedwa laccase, chimene chimakoka mpweya wa okosijeni n'kulumikiza mafutawo kukhala chikopa cholimba. Laccase imagwira ntchito pokhapokha pali chinyezi. Pamafunika kutentha kwa madigiri 20 mpaka 30 ndi chinyezi cha 70 mpaka 85 pa 100. Amisiri amakhala ndi kabati yamatabwa, muro kapena furo, imene amanyowetsa makoma ake m'kati ndi nsalu, n'kuikamo ziwiya. Mu mpweya wouma wa Okutobala utomoniwo ungakhale womata masiku ambiri. Nyengo ya dzinja ndiyo ingauumitse msanga.

Koma chinyezi chikachuluka ndi vutonso. Umauma mothamanga, umachita makwinya, ndipo wofiira amatuluka woderako. N'chifukwa chake wopaka mtundu wofiira amayamba ndi kabati yosanyowa kwambiri, n'kumawonjezera chinyezi pang'onopang'ono.

Zinthu ziwiri zimaletseratu kuuma: mafuta ndi mchere. Thukuta la chala pa thabwa limasiya kadontho kosauma. Burashi yawo, imene imapangidwa ndi tsitsi la munthu lopanikizidwa pakati pa timatabwa, imatsukidwa ndi mafuta a mbewu pomaliza ntchito kuti isalimbe. Mawa lake mafutawo ayenera kufinyidwa onse ndi kathabwa musanayambe. Oyamba kumene ambiri amagwa pamenepa, n'kumanamizira utomoni kuti ndi woipa.

Utomoni wauwisi uli ndi madzi pafupifupi 30 pa 100. Wopakira pamwamba amautakasa ndi kuutenthetsa pang'ono mpaka madzi atatsala pafupifupi 3 pa 100. Kutentha kumasungidwa pafupi ndi madigiri 40, chifukwa mukapitirira kwambiri laccase imafa ndipo utomoniwo sudzaumanso m'kabati. Wakuda uja sathiramo utoto, amauphatikiza ndi chitsulo, urushiol n'kuda yokha.

Tsekaliwo
Zikomo aphunzitsi. Nanga zoti umayabwa ndi zoona?

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Ndi zoona, ndipo musazichepetse. Wauwisi ukakhudza khungu, pakatha maola angapo kapena masiku awiri pamatuluka ziwengo, matuza ndi kutupa. Amene amatupa milomo ndi utomoni wa mango osapsa asamale kwambiri, chifukwa mankhwala ake ndi apachibale. Valani magolovesi ndi malaya a manja aatali. Ukakudontherani, pukutani ndi mafuta ophikira kaye, sopo pambuyo. Nkhope kapena maso zikatupa pitani kuchipatala. Matuzawo sapatsirana. Chiwiya chouma bwino sichivuta anthu ambiri, koma chatsopano kwambiri ndi bwino kuchisiya miyezi ingapo ngati khungu lanu silichedwa kudwala.

Wa_ku_Tete
Poti mwatchula mbibu, pali kulumikizana kwenikweni. Mafuta akuda a m'chikamba cha mtedza wa mbibu, aja amawotcha manja a oswa mtedzawo ku Nampula, ndi amene ku Japan amapangira utoto wotchedwa kashu, wolowa m'malo mwa urushi. Umauma ndi mpweya wamba, sufuna kabati yachinyezi, ndi wotchipa, ndipo ungathe kupoperedwa ndi makina. Zambiri zotchipa zimene a Kadzidzi akuziona ndi za utoto umenewu kapena wina wa fakitale wotchedwa urethane.

Chitsulo77
Ndiye wogula adziwa bwanji? Pa chithunzi zonse ndi zofiira.

Kasemasema
Funsani chithunzi cha kapepala ka m'bokosi. Lamulo la ku Japan lolemba zizindikiro pa katundu wa m'nyumba limafuna kuti alembe zinthu ziwiri: chopakidwa pamwamba ndi chimene chili m'kati. Pakhale mawu osonyeza urushi ndi thabwa lachilengedwe. Akalemba utomoni wa fakitale kapena ufa wa matabwa wosakaniza ndi pulasitiki, ndiye kuti chinaumbidwa m'chikombole, mpeni sunadutsepo. Zovomerezedwa ndi lamulo la 1974 zimatha kukhalanso ndi chidindo chokhala ndi kadzuwa kofiira, ngakhale si mmisiri aliyense wabwino amachimata.

Chinthucho chikakhala m'manja, onani izi. Zipsera za mpeni weniweni sizifanana ndendende, ndipo m'makona mumakhala mwakuthwa, pamene za chikombole makona ake ndi obulungira. Ikani mathireyi awiri a chithunzi chimodzi pambali. Akafanana chipsera ndi chipsera, ndi chikombole. Katsura ndi wopepuka ndipo akagogodedwa amalira mofatsa, pulasitiki imalemera ndipo imalira mouma. Pansi pa chiwiya nthawi zambiri pamakhala pakuda ndipo ena amasemapo dzina la nyumba yawo.

Za kale kwambiri sizikhala ndi kapepala. Pamenepo yang'anani pamene panabenthuka. Mukaona thabwa pansi pa kachikopa kopyapyala, ndi thabwa losemedwa. Mukaona mizeremizere ya utomoni m'mbali mwa chosemacho, ndi tsuishu yeniyeni.

Gogo_Thabwa
Muwonjezepo chenjezo ili. Dzina lakuti tsuishu palokha silitsimikizira kanthu. Ku Murakami, m'chigawo cha Niigata, kuli luso lotchedwa Murakami kibori tsuishu, lovomerezedwa mu 1976. Nalonso ndi thabwa losemedwa kenako n'kupakidwa, ndipo mawu akuti kibori amanena zimenezo poyera. Kusiyana kwake ndi Kamakura n'koonekeratu. Kusema kwa ku Murakami ndi kosaya, kothinana, timizere tambirimbiri ta maluwa, mbalame ndi mapiri. Amapaka utomoni wolimbirapo, kuusindikiza ndi chala ndi burashi kuti usadzaze timizereto. Ukauma amachotsa kunyezimira ndi ufa wa makala, kenako amabwereranso ndi mpeni wosongoka kutema mitsempha ya masamba ndi nthenga pamwamba pa utomoni. Kamakura amakonda duwa limodzi lalikulu lozama ndi mthunzi wa makomo. Zipangizo n'zofanana, koma diso la mmisiri ndi losiyana, ndipo apa ndi pamene mawu akuti luso la dera ali ndi tanthauzo.

Wofuna utomoni wosemedwa weniweni wa ku Japan ayang'ane ku Takamatsu, m'chigawo cha Kagawa, kumene Tamakaji Zokoku anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1800. Kumeneko amatha kusanjikiza mitundu yosiyana kuti mpeni ukamalowa uzivumbula mtundu uliwonse pa kuya kwake.

Namasupuni
Nanga ziwiya za utomoni za ku Wajima, mzinda uja unagwedezeka ndi chivomezi, zili mbali iti?

Nankungwi_wa_Utomoni
Wajima ndi nkhani ina, achemwali. Chivomezi cha pa 1 Januwale 2024 ku Noto, dera lomwe kuli Wajima, chinawononga nyumba zambiri za amisiri, ndipo moto unapsereza dera la msika wa m'mawa. Vuto lake linakula chifukwa ntchito ya kumeneko ndi yogawana, magawo opitirira 100 odutsa m'manja mwa anthu osiyanasiyana, ndiye mmodzi akasowa pogwirira ntchito, mzere wonse umaima. Koma mbale za Wajima ndi zosalala. Mphamvu yake ili m'maziko, nsalu yomatidwa m'milomo ya mbale ndi dothi lawo lowotcha la jinoko. Kusema kwawo, chinkin, ndi kukanda timizere pa utomoni wouma n'kudzazamo golide. Thabwa silisemedwa maluwa.

Mlombwa_Weniweni
Pepani ndikhotetse pang'ono. Osema athu a ku Mua kapena a m'mbali mwa msewu angathe kuyesa njira imeneyi pa mitengo yathu?

Kasemasema
Gawo la mpeni angathe, manja alipo. Koma sankhani mtengo mosamala. Phingo ndi wolimba kwambiri ndipo kukongola kwake ndi mtundu wake womwe, kuupaka n'kuuwononga. Mlombwa ndi m'bawa zili ndi timabowo totseguka, timene timaonekera pansi pa chopaka chopyapyala pokhapokha mutatidzaza, ndipo mukatidzaza mwakwiriranso zipsera. Pamafunika mtengo wotuwa, wofewerapo, wa ulusi wothinana, wopanda mafuta. Mtengo wamafuta kapena wonunkhira umachedwetsa utomoni kuuma.

Mlimi_wa_Nkhalango
Ndipo asadzayese kutema mango kuti apeze utomoni wopakira. Ndi banja limodzi inde, koma wa mango suumba chikopa, ungowotcha khungu.

Mlombwa_Weniweni
Ndamva. Ndiye chotengako ndi nzeru ya mthunzi ija, osati utomoniwo.

Chitsulo77
Tibwerere ku nkhani. Ndavomera kuti hikuchi-nuri ndi yawo. Koma sindinasinthe pa mfundo imodzi: ngati utomoni ndi wa ku China, azinena poyera, osamangoti "za makolo a ku Japan".

Gogo_Thabwa
Pamenepo tili limodzi, ndipo amisiri oona mtima amanena. Ambiri amapaka wa ku China m'munsi n'kusunga wa Joboji, umene ndi wodula kangapo, kuti ukhale wopukutira komaliza. Wa m'dzikomo unasowanso kwambiri kuyambira 2015, pamene nthambi ya boma yoona za chikhalidwe inalamula kuti nyumba zakale zotetezedwa zizikonzedwa ndi utomoni wa ku Japan. Malo a akachisi akale ngati Nikko amamwa wambiri. Mitengo yobzalidwa lero idzatemedwa patapita zaka zoposa 10, ndiye kusowako sikutha msanga.

Mphunzitsi_wa_Sayansi
Tisanyozenso wa ku China ngati ndi wabodza. Ndi mtengo womwewo. Kusiyana kuli pa nyengo, katemedwe ndi kasungidwe, zimene zimasintha kuchuluka kwa urushiol ndi madzi. Wabodza ndi urethane wogulitsidwa m'dzina la urushi.

Kadzidzi_wa_Usiku
Mwanditsegula maso, akuluakulu. Funso lotsiriza, kwa amene ali nacho kale chiwiya chotere ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds: chisamalidwe bwanji?

Nankungwi_wa_Utomoni
Adani ake ndi atatu: dzuwa, kuuma kwa mpweya, ndi kusintha kutentha mwadzidzidzi. Asidi wa ndimu, mchere wa m'ndiwo kapena mowa siziuopsa utomoni wouma, koma kuwala kwa dzuwa kumauphwanya pang'onopang'ono mpaka utatuwa n'kuyamba kufumbutuka. Musachiike pawindo.

Tsukani ndi madzi ofunda, sopo wamadzi pang'ono ndi kansalu kofewa. Musachiviike usiku wonse, musachikwechese ndi waya kapena mchenga, musachilowetse m'makina otsukira mbale, mu mayikulowevu kapena mufiriji. Pukutani nthawi yomweyo, chifukwa madzi a pa mjigo amasiya mawanga oyera m'maenje a maluwa. Fumbi la m'maenjemo chotsani ndi burashi yofewa youma. Msuzi wowira kumene usathiridwe m'mbale yozizira, umasiya chipsera chotuwa chosachoka, ndiye yambani mwaitsukuluza ndi madzi ofunda.

M'miyezi youma ya Seputembala ndi Okutobala, kapena m'nyumba za ku Britain zotenthetsedwa nthawi yachisanu, thabwa la m'kati limanyala pamene utomoni sunyala nalo, ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Ikani kakapu ka madzi m'kabati mmene mukusungiramo. Chiwiya chogwiritsidwa ntchito kawirikawiri chimang'aluka mochedwa kuposa chongokhala m'bokosi, chifukwa kutsuka kumachibwezera chinyezi. Fungo la chatsopano limatha mukachisiya pamthunzi podutsa mphepo sabata imodzi kapena ziwiri, kapena mukachikwirira mu mpunga wosaphika masiku angapo. Kufiira kukamawala kwambiri pakapita zaka musadabwe, utomoni umayera m'kati pamene ukukalamba.

Tsekaliwo
Chikabenthuka, guluu wa m'kachubu uja sangathandize?

Kasemasema
Musayerekeze. Guluu ameneyo amalowa m'ulusi wa thabwa, utomoni sugwiranso pamenepo, ndipo wokonza amakakamizika kusema malo onse okhudzidwa. Musapakenso mafuta kapena polishi pa bala. Njira yake ndi kukhutiza mng'alu ndi utomoni wauwisi, kudzaza dzenje ndi kokuso (utomoni wosakaniza ndi ufa wa matabwa ndi phala la mpunga), pang'onopang'ono osapitirira milimita imodzi pa ulendo, kusalaza ndi tonoko wosakaniza utomoni, kenako wakuda, wofiira ndi makomo monga poyamba. Malo okonzedwawo amayamba ali oderapo kuposa anzake ndipo amafanana nawo pakapita miyezi. Pamene mukufunafuna wokonza, kutani chiwiyacho m'nsalu ya thonje, tizidutswa tonse tobenthuka musunge m'kaenvelopu, ndipo musachitsukenso ndi madzi.